Grip, clutch, clasp, clench: kodi mawu a Chingerezi onena za kugwira amasiyana pati?

NaMbewe analemba:

Moni nonse. Ndabwera ndi vuto la mawu, koma ndiyambe ndafotokoza kumene lachokera kuti mundimvetse.

Mayi anga anatisiya chaka chatha atadwala miyezi itatu. Panopa ndikuphunzira kalembedwe ka nkhani m'Chingerezi, ndipo titauzidwa kuti aliyense alembe za chinthu chimene anachiona ndi maso ake, ine ndinasankha sabata yawo yomaliza m'chipatala. Ndikufuna kuti adzukulu awo, amene ena Chichewa amangochimva koma kuwerenga sangathe, adzaidziwe sabata imeneyo. Pepala litabwerako, ndinapeza aphunzitsi adula mzere kunsi kwa liwu lakuti held malo 9 m'masamba awiri okha. M'mbali analembamo kafunso kamodzi: anagwira motani?

Yankho ndili nalo, koma lili m'Chichewa. Usiku ululu ukafika, mayi ankandigwira pamkono, apa povala wotchi, mwamphamvu moti kukacha zala zawo zinkakhala zitadinda pakhungu langa. Anali ndi kachikwama kansalu momwe munali makadi a kuchipatala ndi chithunzi cha malemu bambo. Kameneko ankakafumbatira pachifuwa ngakhale ali m'tulo, ndipo munthu akati akasunthe ankadzidzimuka. Panali namwino wina amene powamwetsa madzi ankalowetsa dzanja kunsi kwa mutu wawo n'kuuyangata ngati wa khanda. Mlongo wanga, adokotala atatiuza zoona zake, sanayankhule kanthu, anangokunga chibakera mpaka mitsempha kuonekera. Tsiku lina ndinabwera ndi mwana wanga, amene panthawiyo anali ndi miyezi iwiri, ndipo anafumbata chala cha agogo ake osachitaya. Ndiye pali m'mawa wa tsiku lomaliza, pamene dzanja lawo linali m'dzanja langa, lopanda mphamvu ina iliyonse.

Zonsezi ine ndinalemba held, held, held. Nditatsegula dikishonale ndinapeza grip, grasp, grab, clutch, clasp, clench ndi cling, koma pafupifupi onse akuwamasulira mofanana, akuti kugwira mwamphamvu. Ndikuopa kungotola liwu chifukwa likumveka lapamwamba, mapeto ake n'kunena za mayi anga zinthu zimene sanachite. Inu amene mumachidziwa bwino Chingerezi, mawuwa amasiyana pati? Nanga pa zimene ndafotokozazi, liti likhale pati?

aPhiri_opuma anayankha:

Pepani kwambiri mwana wanga chifukwa cha imfa ya mayi. Ine ndinaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikuuzeni kuti aphunzitsi anuwo akufunsani funso labwino. Musawakwiyire.

Dikishonale siikunama, koma yangokuuzani mbali imodzi. Mawu onsewo amanenadi za mphamvu ya dzanja. Chimene chimawasiyanitsa kwambiri ndi zimene zili mumtima mwa wogwirayo, ndipo zimenezo dikishonale yaing'ono imazidumpha.

Tiyambe ndi mkono wanuwo. Ine pamenepo ndingaike grip: "She gripped my wrist." Grip ndi kugwiritsitsa, zala zitazungulira chinthu n'kukhwima, ndipo sikukhala kwa kamphindi, kumatenga nthawi. Woyendetsa galimoto pamsewu woterera amagwira chiwongolero motero, ndipo matayala nawo akamaluma bwino msewu, Angerezi amati ali ndi grip. Liwuli silikuuzani ngati munthuyo akuopa kapena ayi. Limangokuuzani za mphamvu, n'chifukwa chake likuyenera pamene ululu ndi umene ukukhwimitsa zalazo. Musamale polemba: p amakhala awiri, gripped. Mukaika mmodzi mwalemba griped, ndipo mwanena kuti mayi ankanyinyirika.

Kachikwamako ndi clutch, ndipo apa sindikukayika ngakhale pang'ono. Clutch ali ndi mantha mkati mwake. Wogwira motero amakokera chinthucho kwa iye, pachifuwa kapena pamimba, ngati kuti pali wina amene akufuna kumulanda. Kamwana tsiku loyamba kusukulu kamagwira chovala cha mayi ake motero. Munthu amene wamva kubaya pamtima mwadzidzidzi, amati "he clutched his chest." Ndiye inu mungalembe kuti "She clutched the bag to her chest, even in her sleep," ndipo wowerenga wa Chingerezi amva yekha kuti m'chikwamamo munali chinthu chimene mayi sankafuna kusiyana nacho, inu musanamuuze n'komwe za chithunzicho. Kufumbatira kwathu kumayandikira pamenepa, koma ife tikhoza kufumbatira chinthu mtima uli m'malo, pamene clutch nthawi zambiri amabwera ndi nkhawa. Ali ndi mwambi wawo wakuti "clutching at straws," wonena za munthu womira amene akugwira ngakhale kaudzu, kutanthauza munthu amene watha nzeru ndipo akudalira zosathandiza. Ku America ambiri amati "grasping at straws." Pali malo amodzi amene manthawo mulibe: kachikwama ka amayi kopanda lamba, konyamulira m'manja popita kuphwando, nakonso amakatcha clutch.

Mlongo wanu ndi clench: "He clenched his fist." Liwu ili n'losiyana ndi anzake chifukwa nthawi zambiri palibe chinthu chimene chagwidwa. Ndi thupi kudzimanga lokha. Chibakera, mano, nsagwada, ndi zimene zimachita clench, ndipo zimatero munthu akakwiya kapena akamapirira chinthu chowawa. Mukhoza kumva "a pencil clenched between his teeth," pensulo atailuma pakati pa mano, koma simunganene kuti munthu wachita clench khanda kapena buku limene akuwerenga. Kwa mlongo wanuyo liwuli likukwanira bwino, chifukwa likunena za munthu amene mawu amuthera ndipo zonse zapita m'dzanja.

Namwinoyo mumupatse cradle. Liwuli linayamba ngati dzina la kabedi ka khanda, kaja kogwedezeka, kenako linasanduka mneni wonena za kunyamula chinthu mosamala m'manja kapena pamkono kuti chisavulale. "The nurse cradled her head." Munthu wothyoka mkono amachitanso chimodzimodzi ndi mkono wakewo popita kuchipatala. Ndi kuyangata kwathu ndendende. Lili ndi mnzake, cup, pamene manja mwawapinda ngati kapu, monga potunga madzi pampopi kapena pogwira nkhope ya mwana ndi manja onse awiri: "She cupped his face in her hands."

Za khandalo ndi za tsiku lomaliza ndisiyeko kaye, ndimve ena.

Womasulira_Chisale anayankha:

Achemwali, pepani ndi zimene zinakuonekeranizo.

Ine ntchito yanga ndi kumasulira m'khoti, ndipo palibe liwu limene limanditulutsa thukuta ngati "kugwira." Mboni ikati "anandigwira pamkono," ndimakhala ndi kanthawi kochepa zedi kosankha pakati pa touched, held, grabbed ndi seized, ndipo lililonse limajambula chithunzi chake m'mutu mwa woweruza. Touched ndi kungokhudza. Held saikira mbali iliyonse. Grabbed ndi kugwira mwadzidzidzi, mosapempha, kawirikawiri mwankhanza. Nditangoyamba kumene ntchito ndinamasulira kuti grabbed, ndipo loya wa woimbidwa mlandu anaimirira nthawi yomweyo. Mboniyo itafunsidwanso, inafotokoza kuti munthuyo anaigwira kuti isagwe pamasitepe. Liwu limodzi langa likanamuika munthu pamavuto amene sanawapalamule. Kuyambira tsiku limenelo, ndikakayikira ndimapempha khoti kuti mboni isonyeze ndi manja mmene kugwirako kunalili.

Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti mawu ena amanena za mphindi imene dzanja likufika pachinthu, pamene ena amanena za nthawi yonse imene lakhalapo. Grab, snatch ndi seize ndi a mphindi yoyambayo. Simunganene kuti munthu anachita grab mkono wanu usiku wonse, monganso simunganene kuti anautsomphola usiku wonse.

Grab ndi liwiro lopanda kusamala. Pocheza amaligwiritsa ntchito mopepuka, "grab a chair," "grab your coat," kungotanthauza kuti tengani msanga, ndipo palibe amene amakhumudwa. Koma chogwidwacho chikakhala munthu, liwulo limalemera. Snatch ndi kutsomphola kapena kukwatula, ndipo nthawi zambiri pamakhala wina amene walandidwa: "He snatched the phone from her hand." Seize ndi wa anthu a mphamvu ndi ulamuliro. Apolisi akalanda katundu wozembetsa amati they seized the goods, asilikali akalanda boma amati they seized power. Liwuli linachokera ku Chifalansa, chilankhulo chimene chinalowa m'makhoti a ku England anthu a ku Normandy atagonjetsa dzikolo mu 1066, ndipo poyamba linkanena za kutenga malo kukhala ako mwalamulo. Mpaka lero likadali ndi fungo la khoti. Polemba, e ndiye amayamba kenako i, ambiri amaphonya pamenepa. M'nkhani ya mayi anu sindikuona pamene seize kapena snatch angalowe.

Tsono ndikufuna kusiyana pang'ono ndi aPhiri, mwaulemu ndithu bambo. Za mkono zija, grip akhoza kukhala wolondola, koma clutch nayenso akhoza. Zikutengera chimene dzanja la mayi linkanena. "She gripped my wrist" wowerenga amamva kuti zikundipweteka. "She clutched my wrist" amamva kuti usandisiye. Ife sitinalipo, inu nokha ndi amene mukudziwa. Mwinanso masiku ena kunali uku, masiku ena uko.

Munatchulanso cling. Uku ndi kukakamira, kukana kusiyana ndi chinthu, ndipo nthawi zambiri thupi lonse limakhalapo, osati dzanja lokha. Mwana amene akukana kutsika kwa mayi ake, munthu amene wakakamira thabwa pamadzi, malaya onyowa amene amata pathupi, zonsezi ndi cling. Zinthu ziwiri muzikumbukire. Amafuna to patsogolo pake, "she clung to me." Ndipo zakale zake ndi clung, osati clinged. Mupewe kunena kuti munthu ndi clingy ngati simukumunyoza, chifukwa limenelo limanena za munthu wotopetsa, wosapatsa mnzake mpata wopuma.

Chenjezo lomaliza, chifukwa mabuku a mawu ofanana amakonda kuliika pafupi ndi grasp: liwu lakuti grope. "She groped for the switch" ndi kupapasa mumdima kufuna poyatsira getsi, palibe vuto. Koma mukachotsa for n'kuikapo munthu, mwanena za kugwiragwira thupi la munthu mosayenera, nkhani ya kupolisi. Ifenso tikudziwa mmene kachidutswa kochepa kamasinthira "kugwira" kukhala liwu loopsa. Chingerezi nacho chili ndi misampha yotero.

Tadala_fiziyo anayankha:

Mayi NaMbewe, nkhani yanu yandikhudza chifukwa manja ngati a mayi anuwo ndimawagwira tsiku ndi tsiku. Ndine wa fiziyo, ndimathandiza anthu amene anachita sitiroko kapena ngozi kuti manja awo ayambenso kugwira.

Ndiyankhe za mwana wanuyo. Zimene anachitazo zili ndi dzina m'mabuku athu, amati palmar grasp reflex. Khanda lililonse lathanzi limabadwa nazo: mukakhudza pachikhatho pake, zala zimatseka zokha, ndipo zimagwira mwamphamvu kuposa mmene munthu angaganizire. Zimazimiririka mwana akamayandikira miyezi 6, pamene wayamba kufikira zinthu mwadala. Cha pa miyezi 9 mpaka 12 amaphunzira kutola tinthu ting'onoting'ono ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo kumeneko timati pincer grasp, kuchokera ku pincer, liwu lonena za zopanira, monga za nkhanu. Sindikunena izi kuti ndichepetse zimene munaona. Kwa agogo amene chala chawo chinafumbatidwacho, kugwirako kunali kwenikweni.

Ndiye liwu la khandalo, kunena mwa sukulu, ndi grasp. Grasp ndi kutambasula dzanja n'kulitseka mozungulira chinthu. Alibe mantha a clutch, alibe nkhanza za grab, ndipo mphamvu zake sizifika pa grip. Koma ndikuuzeni zoona, ndikawerenga "he grasped her finger" ndimamva ngati lipoti langa la kuntchito. M'nkhani ngati yanuyi ine ndikanalola zalazo kuti zichite zokha: "His fingers curled round hers," kapena "His whole hand closed round one of her fingers." Chachiwirichi ndimachikonda chifukwa chimaonetsa kuchepa kwa kadzanjako. Sikuti nthawi zonse yankho ndi kupeza mneni wina wolowa m'malo mwa held. Nthawi zina ndi kusintha chiganizo chonse.

Kwa amene mumakonda kudziwa zambiri, dokotala wina wa ku Britain, John Napier, analemba mu 1956 kuti magwiridwe onse a dzanja la munthu akhoza kugawidwa pawiri. Pali power grip, mmene timagwirira hamala, zala zonse ndi chikhatho zili pantchito. Palinso precision grip, mmene timagwirira singano kapena cholembera, chinthu chili kunsonga za zala moyang'anizana ndi chala chachikulu. Mpaka lero timaphunzitsidwa zimenezi. Wodwala wanga akhoza kubwezeretsa kugwira koyambako msanga, n'kumanyamula kapu bwinobwino, koma kumanga batani la malaya kumutengera miyezi. Mphamvu ya dzanja timaiyeza ndi kachipangizo kotchedwa dynamometer, wodwala amakafinya ndipo timawerenga makilogalamu. M'malipoti timalemba grip strength, osati grasp strength kapena clutch strength, zomwe zikugwirizana ndi zimene aPhiri anena kuti grip ndi liwu la mphamvu.

Pali mawu awiri amene simunawatchule. Pinch ndi kutsina, kapena kupana kanthu pakati pa zala ziwiri. Squeeze ndi kufinya, ndipo limeneli ndikufuna mulilingalire. Wodwala amene sakutha kuyankhula timamuuza kuti "squeeze my hand," kuti tidziwe ngati akutimva. Choncho m'Chingerezi "she squeezed my hand" si nkhani ya mphamvu, ndi uthenga: ndakumva, ndilipo, zikomo. Ngati pa tsiku lomalizalo mayi anakufinyani dzanja ngakhale pang'ono chabe, liwu lake ndi limenelo. Ngati sanatero, musalilembe.

Kondwani_makaniko anayankha:

Pepani mayi. Ine za nkhani zolemba sindidziwa zambiri, koma mawu awiri mwa amenewa ndimakhala nawo pagalaja tsiku lililonse ndipo sindinkadziwa kuti ndi a manja. Klatchi ya galimoto ntchito yake ndi kugwira ndithu: mbale yake imakanikizidwa pa flywheel, chitsulo chozungulira cha injini, kuti mphamvu ya injini ipite ku giyabokosi, ndipo mukaponda pedulo m'pamene imataya. Ikatha timati ikuterereka, sikugwiranso. Injini nayo ikayenda yopanda oyilo, zitsulo zimatentha n'kugwirana osasunthanso, ndipo timati yachita seize.

Koma ndaona kuti clasp palibe amene wamufotokoza. Ine ndimangomudziwa pa lamba wa wotchi.

aPhiri_opuma anayankhanso:

AChisale, mwanena zoona za mkono uja, ndavomera. Ndinathamangira ululu n'kuiwala mantha.

AKondwani, wotchi yanuyo ndi poyambira pabwino. Clasp ndi kachitsulo kotsekera lamba wa wotchi, mkanda kapena chikwama, mbali ziwiri zimene zimakumana n'kukolana. Mneni wake amasunga chithunzi chomwecho cha zinthu ziwiri zokumana. Munthu popemphera, "her hands were clasped," manja alukana zala. Mkulu woyenda manja ali kumbuyo, "his hands clasped behind his back." Mnzanu amene mwakumana naye patapita zaka n'kutenga dzanja lanu ndi manja ake onse awiri, "he clasped my hand in both of his." Ndi liwu lofunda, laulemu, ndipo limamveka lachikale pang'ono, moti mumalipeza kwambiri m'mabuku kusiyana ndi pakamwa pa anthu. Ngati mayi ankapemphera m'chipatalamo, mwana wanga, clasp malo ake ndi amenewo.

Pa grasp ndiwonjezere chimodzi pa zimene a fiziyo anena. Liwuli limatanthauzanso kumvetsa: "I can't grasp it," sizikulowa m'mutu. Si Angerezi okha amene anaona kumvetsa ngati kugwira. Comprehend anachokera ku liwu la Chilatini lakuti prehendere, kugwira, ndipo m'bale wake apprehend ndi amene apolisi amagwiritsa ntchito akagwira wakuba. Ifenso timati mwana uyu mutu wake umagwira. Koma mukamva kuti munthu ndi grasping, sakumuyamikira nzeru, akunena kuti ndi waumbombo, wokokera zonse kwake.

Tsono ndifike pa chimene ndinasiya dala. Ndaona ophunzira ambiri amene, akauzidwa kuti abwereza liwu, amapita kukachotsa paliponse pamene lili n'kuikapo mawu akuluakulu. Nkhani imatuluka aliyense akuchita clutch, clasp, seize, ngati anthu onse m'chipindamo akulimbana. Musatero ndi held wanu. Aphunzitsi anu sananene kuti liwulo ndi loipa. Anafunsa kuti anagwira motani, ndipo malo ena yankho loona ndi lakuti anangogwira basi.

Hold ndi liwu lakale kwambiri m'Chingerezi. Zaka zoposa 1,000 zapitazo linkalembedwa healdan, ndipo tanthauzo lake linali kusunga, kuyang'anira, kusamala, monga mbusa amachitira ndi ziweto zake. Ajeremani ali ndi m'bale wake, halten. Ine ndimakhulupirira kuti kusamala kumeneko kukadalimo. Taonani: mwana akalira usiku, mayi wa Chingerezi amati "let me hold him." Anthu okondana poyenda, "they hold hands." Munthu wosweka mtima amauza mnzake kuti "hold me," ndipo palibe amene anganene kuti "grip me" kapena "clasp me" pamenepo. Ngakhale embrace, liwu lokongola lochokera ku Chifalansa kumene mkono amautcha bras, silingalowe m'malo mwake, ndipo hug ndi wa kukumbatirana kwa kanthawi. Mawu enawo onse amawonjezera kanthu, kaya ndi mantha, liwiro, mkwiyo kapena mphamvu. Hold sawonjezera kanthu, n'chifukwa chake amakwanira pamene zonsezo zatha.

Ndiye za m'mawa uja, ndikufunseni funso ngati la aphunzitsi anu. Mwalemba kuti dzanja lawo linali m'dzanja lanu, lopanda mphamvu. Ndani amene ankagwira mnzake?

NaMbewe anayankha:

Zikomo nonse. Ndawerenga mayankho anu kangapo, ndipo usiku wathawu ndinakhala pansi ndi pepala lija.

AChisale, funso lanu linandibwezera m'chipinda chija. Masiku oyamba kunali grip, ululu weniweni, maso atatseka, mwina osadziwa n'komwe kuti mkono wagwidwawo ndi wa ndani. Koma usiku wachisanu ndinadzuka kuti ndikaitane namwino, ndipo anandigwira ndisanaponde n'komwe pansi, maso ali pa ine. Ululu unali utachepa nthawi imeneyo, anali atalandira jakisoni. Kumeneko ndalemba clutched. Ndisanafunse pano ndinkaona ngati usiku wonsewo unali wofanana, ndipo ndinali nditaulemba m'chiganizo chimodzi. Tsopano ndi ndime ziwiri.

Kachikwama ndasiya monga aPhiri ananenera, koma popeza clutched ndamugwiritsa kale ntchito pamkono, ndinaganiza kaye ngati ndikubwerezanso. Ndamusiya kawiri konse. Ndikuona kuti mantha ake anali amodzi omwewo. Namwino ndi cradled, mlongo wanga ndi clenched. Ndinamuwerengera mlongo wangayo chiganizo chakecho pafoni, ndipo anati sankadziwa kuti ndinaona.

A fiziyo, ndatenga chiganizo chanu chachiwiri, cha kadzanja konse kotseka pachala chimodzi. Za reflex zija sindinaziike m'nkhani, koma ndakondwa kuzidziwa. Mwana wangayo pano amatola timikanda pansi ndi zala ziwiri monga mwafotokozera. Za squeeze, ndinafuna kwambiri kuti ndilembe. Ndinakhala nthawi yaitali cholembera chili m'manja, ndikuyesa kukumbukira ngati panali kufinya ngakhale kochepa. Panalibe. Sindinalembe.

APhiri, pepala loyamba ndinalemba kuti "She held my hand," chifukwa sabata yonseyo iwo ndi amene ankandigwira, ndipo dzanja langa linazolowera kulemba choncho. Koma m'mawa umenewo sanandigwire. Zala zawo zinali zotambasuka, ndipo ine ndi amene ndinazitenga pabulangete n'kuziika m'manja mwanga, kuyambira cha m'ma 4 koloko mpaka adokotala atabwera. Ndasintha mawu awiri okha, ndipo tsopano pakuti "I held her hand."

Mwa held 9 aja atsala atatu. Pepalalo ndikapereka Lolemba.